Chingwe cha apolisi sichilumphidwa: chenjezo kwa ana a mu Lusaka

Ana anga, adzukulu anga, ndi inu nonse a m'makomboni kuyambira ku Matero mpaka ku Chawama, ndikulankhula monga kholo, ndipo mtima wanga ukuwawa. Khalidwe limene tatengera pakagwa ngozi lidzatimaliza. Minibasi ikagubuduzika pa Kafue Road, moto ukabuka pamsika, khoma likagwera anthu m'dzinja, apolisi asanamalize n'komwe kuzinga chingwe chawo, chikhamu chafika kale, mafoni m'mwamba. Wina akujambula nkhope ya munthu amene akutsirizika, wina akupisa m'thumba mwa wovulala, wina akuweramira pansi pa chingwe amvekere "bwana, ndingoonako chabe". Uone chiyani, mwana iwe? Wagona pansiyo ali ndi amayi ake, ndipo amayiwo adziwira za maliro a mwana wawo pa Facebook, munthu asanafike pakhomo kudzawakhazika pansi.

Mwina simudziwa chimene wapolisi amachita akafika pamalo otere. Choyamba amatseka malowo ndi kupatutsa magalimoto kuti ambulansi ndi ozimitsa moto apeze njira. Munthu amene akutaya magazi alibe nthawi yodikira kuti inu musunthe, ndipo ulendo wopita ku chipatala cha UTH kapena cha Levy Mwanawasa ndi wautali kale chifukwa cha kuthithikana kwa magalimoto m'tauni muno. Kenaka wapolisi amalondera katundu wa ovulala, amalemba mayina, amaona kuti matupi apite ku mochale mwaulemu. Amene munaikapo m'bale wofera panjira mukudziwa kuti popanda chikalata cha apolisi maliro sayenda. Ndiye pali umboni. Botolo losweka, chizindikiro cha matayala pa tala, waya wopserera, zonsezi zimawauza ofufuza chimene chachitika, koma mapazi a anthu mazana akapondapo palibe chotsala. Mawa lake ndinu nomwe mumadandaula kuti mlandu wazizira.

Kumbukirani mmawa wa pa 4 Julayi 2017 pamene City Market inapsa. Amayi analira atagwira mitu, mpamba wa zaka zambiri utasanduka phulusa usiku umodzi. Pamoto ngati umenewo denga la malata limagwa mosachenjeza, mawaya a magetsi amakhala akadali amoyo, ndipo wapolisi akakukankhirani kumbuyo sikuti akukudani. Komanso ndinene mosapsatira: amene amathamangira pamoto kukatola katundu wa mnzake ndi mbava, ngakhale atavala suti ya kutchalitchi. Ndipo inu amene mumagenda galimoto ya ozimitsa moto chifukwa yachedwa, mukaswa galasi lake, nyumba yotsatira kupsa idzazimitsidwa ndi chiyani?

Za thanki ya mafuta ndiye ndikugwadirani. Mu Novembala 2016 ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu anaunjikana ndi zigubu kuti atunge petulo pa thanki, thankiyo n'kuphulika, ndipo anthu makumimakumi anapsa, ana omwe. Ku Morogoro ku Tanzania zinachitikanso chimodzimodzi mu Ogasiti 2019. Mathanki amenewo amadutsanso pa Lumumba ndi pa Great North Road tsiku ndi tsiku. Ikagwa imodzi, musatenge chidebe. Nyamulani ana, thawirani kumene mphepo ikuchokera, ndipo wa fodya asayerekeze kuyatsa machesi. Petulo sayaka ndi lawi lokha ayi, mpweya wake umayenda pansi, ndipo kamoto kakang'ono ka batire kapena ka mbaula ya chimanga chowotcha n'kokwanira.

Ena mumati zauchigawenga n'za kwa eni ake. Tithokoze Mulungu kuti dziko lathu lakhala pamtendere, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, zigawenga zakhala zikupha anthu kuyambira 2017, ndipo Mozambique ndi mnansi wathu wa kum'mawa. Ku Nairobi anthu 67 anaphedwa pa shopping mall ya Westgate mu 2013, ambiri mwa iwo anthu wamba ongopita kukagula zinthu. Koma chimene ndimafuna muchisunge ndi cha pa 7 Ogasiti 1998, pamene anaphulitsa ofesi ya kazembe wa America mumzinda womwewo. Bomba lalikulu lisanaphulike, panamveka kaphokoso kakang'ono ndi kulira kwa mfuti. Anthu m'maofesi oyandikana anathamangira kumawindo kuti aone chachitika. Bombalo litaphulika, magalasi anawalowa m'maso ndi kumaso, ambiri anafa, ena mpaka lero saona. Oposa 200 anafa tsiku limenelo. Zigawenga zimadziwa kuti munthu amakonda kusuzumira, n'chifukwa chake nthawi zina zimatchera bomba lachiwiri kudikira kuti anthu aunjikane. Wapolisi akamakuwa kuti "bwererani kutali", mwina akudziwa chimene inu simukuchidziwa. Mukaona chikwama chosiyidwa chopanda mwini pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kapena pa shopping mall, musachigwedeze, musachitsegule. Uzani mlonda kapena wapolisi, muchokepo. Boma linakhazikitsa lamulo lolimbana ndi uchigawenga mu 2018, koma lamulo lilibe maso, maso ndi anu.

Tsopano nkhani imene imandisowetsa tulo. Kumayambiriro kwa 2020 kunabuka mantha a gassing, akuti anthu ena ankapopera mankhwala okomola m'nyumba za anzawo, anayambira ku Chingola n'kufalikira mpaka kuno. Uthenga unkayenda pa WhatsApp usiku, aliyense akutumiza osafunsa kuti wachokera kuti. Anyamata anagona panja ndi zibonga. Mlendo wongosokera njira, wodwala misala, nkhalamba yoiwala kwawo, ankangolozedwa chala, wina n'kukuwa, basi miyala ndi matayala. Anthu makumimakumi anaphedwa ndi manja a anzawo m'dziko muno, ambiri osalakwa, ndipo mapositi ena a apolisi anaphwanyidwa chifukwa apolisi anakana kupereka munthu kuti aphedwe. Mpaka asilikali anatulutsidwa m'misewu. Wapolisi amene anaima pakhomo la selo, miyala ikumugwera, kuteteza munthu amene sankamudziwa n'komwe, ndiye anachita umunthu tsiku limenelo. Inu amene munatola mwala, ngati muli pakati pa owerenga, magazi aja sanaume. Ndipo iwe amene unangodina batani n'kutumiza bodza ku gulu la kutchalitchi, dzanja lako lilimo.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe. Muti apolisi amachedwa, amati galimoto ilibe mafuta, ena amafuna ya drinki. Sindikukana, ndipo wapolisi wotere amanyazitsa yunifolomu ndi anzake amene amagwira ntchito usiku wonse pamvula. Koma pali Police Public Complaints Commission kumene mungakadandaule, ndipo kuipa kwa wapolisi mmodzi sikukupatsani chilolezo chotseka msewu wa ambulansi kapena chowotcha munthu.

Dzinja likubwera. Ku Kanyama, ku Misisi, ku Garden, madzi adzadzaza monga mwa masiku onse, zimbudzi zidzasefukira m'zitsime zosaya. Kolera ya 2023 mpaka 2024 inatenga anthu oposa 700, Heroes Stadium inasanduka chipatala, masukulu anachedwa kutsegulidwa. A DMMU (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), a khonsolo ndi apolisi akadzabwera kunena kuti samukani, kapena kuti maliro a wa kolera asakhale ndi chikhamu ndi zophikaphika, musawathamangitse ndi miyala. Ana musawalole kusewera m'mphepete mwa ngalande ya Bombay mvula ikagwa, ndipo madalaivala lekani kulowetsa basi yodzaza anthu m'madzi amene simukuona pansi pake.

Lero lomwe sungani manambala awa m'foni, muwaphunzitsenso ana ndi wantchito wa pakhomo: apolisi 991, ambulansi 992, ozimitsa moto 993. Mukaimba, nenani malo momveka, tchulani sukulu, tchalitchi kapena filling station imene ili pafupi, nenani ovulala ndi angati, ndipo tumani mnyamata mmodzi akaime kumsewu waukulu kuti awalondolere, chifukwa m'makomboni mwathu nyumba zambiri n'zovuta kuzipeza.