Chithunzi chanu chikhoza kuulula komwe mumagona

Inu amene mumagulitsa katundu pa intaneti, ndimvereni pang'ono. Wogula wosamudziwa akanena kuti "munditumizire chithunzi cha katunduyo ngati document kuti chioneke bwino," musathamange.

Chithunzi chojambulidwa ndi foni chimanyamula zinthu zimene maso saona, zotchedwa EXIF: tsiku ndi nthawi, mtundu wa foni, ndipo ngati munalola kamera kugwiritsa ntchito GPS, malo enieni amene munaima pojambula. Mukatumiza pa WhatsApp mwa nthawi zonse, zimenezi zimachotsedwa. Koma ngati document, kapena pa imelo, fayilo imapita yonse mmene ilili. Ndiye taganizani: mwajambula TV ili pabalaza, kapena njinga yamoto ili pakhonde, mwatumiza. Munthuyo akangotsegula tsatanetsatane wa chithunzicho, mapu akumulozera pakhomo panu, ndipo katundu wamuona kale.

Musayese nkhambakamwa. Mu Disembala 2012, John McAfee, amene anayambitsa kampani ya antivirus ya dzina lake, ankabisala apolisi a ku Belize. Atolankhani a Vice omwe anali naye anaika chithunzi chake pa intaneti osachotsa GPS, anthu n'kudziwiratu kuti ali ku Guatemala. Patangopita masiku ochepa, apolisi a ku Guatemala anamugwira konko.

Ameneyo anali munthu wandalama. Ine mtima umandipweteka ndikaganiza za mayi amene wathawa nkhanza kwa mwamuna, wabisala kwa achibale, kenako watumiza chithunzi cha mwana kwa apongozi mwaulemu chabe, osadziwa kuti wawapatsanso njira.

Sindikuti EXIF ndi yoipa ayi. Ojambula zithunzi paukwati amaidalira, ndipo pamlandu tsiku ndi malo zimatha kukhala umboni. Chithunzi choyambiriracho sungani. Chimene ndikukana n'chakuti chipite kwa aliyense mwini wake asakudziwa. Opanga mafoni akanayenera kumatichenjeza momveka bwino nthawi iliyonse tikamatumiza chithunzi chokhala ndi malo. Komanso dziwani kuti Facebook ikabisa zimenezi kwa anthu ena, iyo imakhala itaziwerenga kale.

Lero lomwe, lowani mu settings, muletse kamera kugwiritsa ntchito location. Pa iPhone, musanatumize dinani Options pamwamba n'kuzimitsa Location. Zikakuvutani, tengani screenshot ya chithunzicho mutumize imeneyo. Mukatero, mutenge foni ya amayi ndi ya ana anu muchitenso chimodzimodzi, chifukwa iwowo ndi amene amajambula kwambiri ali pakhomo.