Mwana wa zaka 15 sangathe kukana pamaso pa kamera

Makolo anzanga, azakhali ndi amalume amene muli ndi ana aakazi ataliatali m'nyumba mwanu, chonde werengani izi mpaka kumapeto. Masiku ano mwana wa Fomu 2 akhoza kulandira uthenga pa Instagram kapena pa Facebook wochokera kwa munthu amene akuti amasaka mamodelo, anthu oonetsa zovala potsatsa malonda. Amamuuza kuti ali ndi nkhope yabwino, atumize zithunzi, amupezera ajensi (kampani yopezera mamodelo ntchito) ku Johannesburg kapena ku Paris. Mwanayo mtima umakhala m'mwamba, ndipo sindikumuimba mlandu. Ndani pa msinkhu umenewo sangakondwe atauzidwa kuti ndi wokongola? Koma maganizo anga ndi akuti mwana wosakwana zaka 18 asalowe ntchito yoonetsa zovala za akuluakulu, kaya ajensiyo ndi yabodza kaya ndi yeniyeni. Kuopsa kwa zabodzazo tonse tikukudziwa. Ine ndikufuna ndikambe za zenizeni, zokhala ndi maofesi ku Paris, Milan, London ndi New York, chifukwa ndi kumeneko kumene nkhaniyi inaululika.

Ntchitoyi imayamba ndi zithunzi zimene amazitcha digitals. Mtsikana amamuimika pakhoma loyera, tsitsi atamanga kumbuyo, kumaso osadzola kalikonse, atavala zothina. Amamujambula kutsogolo, chammbali ndi kumbuyo. Kenako pamabwera tepi ngati ya atelala ija. Msinkhu amafuna wa masentimita 175 kapena kuposa, ndipo mahipi asapitirire kwenikweni masentimita 90. Zovala za pachionetsero amasokeratu za saizi imodzi yaing'ono, ndiye ndi thupi limene liyenera kukwana m'chovala. Tsono ndi azimayi angati aakulu, otalika chomwecho, amene angakwanemo? Alipo, koma ndi owerengeka. Amene amakwanamo mosavuta ndi mwana wa zaka 14 kapena 15 yemwe watalika msanga thupi lisanakhwime. Gwero la vuto lonseli ndi limeneli. Akafika zaka 17, thupi layamba kudzaza monga mwa chilengedwe, amauzidwa kuti wanenepa, achepetseko masentimita awiri. Atsikana ambiri matenda odzimana chakudya amawayamba pamenepo. Dziko la France linafika pokhazikitsa lamulo mu 2015, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017, loti modelo aliyense azikhala ndi chikalata cha dokotala chotsimikiza kuti thanzi lake lili bwino, komanso kuti chithunzi chotsatsira malonda chimene thupi la munthu lasinthidwa pakompyuta chizilembedwa kuti chasinthidwa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi zochitika m'situdiyo chitseko chikatsekedwa. M'chipinda chimenecho mfumu ndi wojambula. Ndiye amalamula kuti kweza chibwano, tembenuka, vula jekete. Mwanayo amadziwa bwino lomwe kuti munthuyu akangoimba foni ku ajensi n'kunena kuti mtsikana mwanditumizirayu ndi wovuta, ntchito yathera pomwepo. Kate Moss, mmodzi wa mamodelo otchuka kwambiri a ku England, anamupeza ali ndi zaka 14 pabwalo la ndege la JFK ku New York mu 1988. Zithunzi zimene zinamutchukitsa zinatuluka m'magazini ya The Face mu 1990 ali ndi zaka 16, ndipo pa zina anamujambula atavula malaya. Mu 2012 anauza magazini ya Vanity Fair kuti iye sankafuna, koma ankamuopseza kuti akakana sadzamuitananso. Ankati akadzitsekera m'chimbudzi n'kulira, amatuluka kukachita zomwe amuuzazo. Wojambulayo, Corinne Day, anali mkazi, ndiponso anali mnzake wapamtima. Choncho tisamangoganiza za abambo oipa mtima okha. Ngakhale munthu wokufunira zabwino, akakhala kuti kamera ili m'manja mwake ndipo tsogolo lako lili pakamwa pake, iwe mwana sungamuyankhe kuti ayi. Komanso kumbukirani kuti uyu ndi amene zinamuyendera, analemera, dzina lake likudziwika dziko lonse. Nanga anzake osawerengeka amene analira ngati iyeyo n'kubwerera kwawo chimanjamanja, amawafunsa ndani?

Abambo oipa mtimawo aliponso ndithu. Jean-Luc Brunel, mkulu wa ajensi ya mamodelo ku Paris, anayamba kutchulidwa pa nkhani zochitira nkhanza atsikana mu 1988 papulogalamu ya 60 Minutes ya wailesi yakanema ya CBS. Anapitiriza ntchito yake ngati palibe chachitika. Anadzamangidwa mu Disembala 2020, patatha zaka 32, pa milandu yogwiririra ana, yomwe iye ankaikana, ndipo anamwalira m'ndende mu February 2022 mlandu usanazengedwe.

Tsopano makolo, nkhani ya siginecha ndi yanu. Wojambula asanayambe ntchito amakupatsani pepala loti musayine, lovomereza kuti zithunzizo azigwiritse ntchito. Ambiri timasayina osawerenga, mwina chifukwa cha Chingerezi cha maloya chodzaza tsamba lonse, mwina chifukwa cha manyazi oti tioneka achimidzi. Mu 1975 mayi a Brooke Shields, modelo ndi katswiri wa mafilimu wa ku America, anasayina pepala lotere, n'kulandira madola 450, kuti wojambula wina dzina lake Garry Gross ajambule mwana wawo wa zaka 10 zithunzi zimene mwana aliyense sayenera kujambulidwa. Brooke atakula n'kuzindikira, anapita kukhoti kukaletsa kuti zithunzizo zisamagulitsidwenso. Mu 1983 khoti lalikulu la chigawo cha New York linagamula kuti zimene mayi ake anasayina zikumumanga, sangazibweze. Anali ndi zaka 17, ali ndi ndalama, ali ndi maloya, koma analephera kulanda zithunzi za thupi lake lomwe. Nthawi imeneyo kunalibe intaneti. Lero chithunzi chikangochoka mufoni imodzi kulowa ina, ngakhale khoti litagamula mokomera mwana wanu, palibe amene angachitolere. Mwanayo adzafunsira ntchito, adzakwatiwa, adzabereka ana ake, chithunzicho chikadali pompo.

Za ndalama anthu ambiri amanamizika. Amaganiza kuti ajensi ikakutenga ndiye kuti yakulemba ntchito. Ayi, m'maiko ambiri modelo salandira malipiro a pamwezi. Ajensi imamulipirira tikiti ya ndege, viza, lendi ya nyumba imene amagona atsikana ambirimbiri pamabedi osanjikiza, zithunzi zoyamba, makadi osindikiza oti azisiya kwa ogula, ngakhale malo a chithunzi chake pawebusayiti ya ajensiyo. Zonsezi zimalembedwa m'buku ngati ngongole yake. Akapeza ntchito, ajensi imayamba yachotsa gawo lake, lomwe ku New York limakhala 20 pa 100 iliyonse, kenako n'kudula ngongole ija. Ndalama zimatha miyezi zisanabwere, ndipo okonza zovala ena amalipira ndi diresi kapena chikwama m'malo mwa ndalama. Amene munakhalako pafupi ndi maesiteti a fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji mukuidziwa nkhaniyi: tenanti amalandira chimanga ndi feteleza pangongole, kulima chaka chathunthu, pogulitsa fodya n'kuuzidwa kuti ndi iye amene akadali ndi ngongole kwa bwana. Kwathu kuno mchitidwe umenewu tinauthetsa mwalamulo mu 2021. Tsono tangoganizani mwana wa zaka 15 ali ndi ngongole yotere, m'dziko limene chilankhulo chake sachimva, tikiti yobwerera kwawo ili m'manja mwa amene amukongozawo. Wojambula akamuuza chinthu chimene mtima wake ukukana, adzakana bwanji?

Vlada Dzyuba anali mtsikana wa zaka 14 wochokera mumzinda wa Perm ku Russia. Anapita ku China pa kontirakiti ya miyezi 3, anadwala ali kuntchito, ndipo anamwalira m'chipatala ku Shanghai mu Okutobala 2017. Ajensi imene inamulandira inakana zoti inkamugwiritsa ntchito mopitirira muyeso. Ine sindine woweruza wa mlandu umenewo, koma funso limene limandisowetsa mtendere ndi lakuti, mwana wa zaka 14 ankatani kutali chomwecho popanda mayi ake pambali? Mwana akamva kutentha thupi ali kwawo amangonena. Akakhala kuchilendo, ngongole ili pamutu, amapirira mpaka zitafika poipa.

Ndipo musaganize kuti izi ndi za azungu okhaokha. Makampani a fashoni panopa akufuna kwambiri nkhope za ku Africa. Adut Akech, wa ku South Sudan, amene anakhalapo kumsasa wa othawa nkhondo wa Kakuma ku Kenya banja lake lisanasamukire ku Australia, anaonetsa zovala za Saint Laurent ku Paris mu 2016 ali ndi zaka 16, ndipo lero ndi wotchuka. Koma mu 2023 nyuzipepala ya Sunday Times ya ku Britain inafufuza n'kupeza kuti achinyamata ena amatengedwa kumsasa womwewo kupita ku Ulaya, ndipo ntchito ikapanda kupezeka amawabweza patangopita nthawi yochepa, ali ndi ngongole. Osaka mamodelo amadziwa kuti banja losauka silifunsa mafunso ambiri.

Zina zasinthako, ndipo asintha ndi mamodelo eniake. Sara Ziff, amene anayamba ntchitoyi ali ndi zaka 14, anakhazikitsa bungwe la Model Alliance mu 2012. Kufikira nthawi imeneyo malamulo a ku New York ankateteza ana ochita zisudzo, oimba ndi ovina, koma ana oonetsa zovala anawasiya kunja. Mu 2013 lamulo linasintha: wolemba ntchito mwana azikhala ndi chilolezo, maola ogwira ntchito ali ndi malire, wosakwana zaka 16 azikhala ndi munthu wamkulu womuyang'anira, ndipo 15 pa 100 iliyonse ya ndalama zake izisungidwa kubanki m'dzina lake. Mu 2018 kampani ya Condé Nast, eni magazini ya Vogue, inalengeza kuti sidzajambulanso osakwana zaka 18 pa zovala za akuluakulu, mowa usamapezeke pamalo ojambulira, ndipo modelo asamasiyidwe yekha ndi wojambula. Mu 2019 kampani ya Kering, eni Gucci, Saint Laurent ndi Balenciaga, inanenanso kuti kuyambira 2020 izingolemba a zaka 18 kupita m'mwamba. Lamulo lina la ku New York la Fashion Workers Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2025, likukakamiza maajensi kulembetsa kuboma ndi kumuonetsa modelo zimene akumudula.

Kampani ya LVMH, eni Louis Vuitton ndi Dior, inakana kutsatira Kering ndipo inasiya malire ake pa zaka 16. Mmodzi wa akuluakulu ake, Antoine Arnault, ananena kuti kuwakana anawa sikungawaletse kugwira ntchito, amangopita kwina kumene kulibe chitetezo. Mfundoyi ndaiganizira mofatsa, chifukwa siyopanda nzeru. Koma sindikuvomereza. Makampani aakuluwa ndi amene amaonetsa njira. Iwo akamalandira wa zaka 16, osaka mamodelo amayamba kumukonzekera ali ndi zaka 13 kapena 14, kumuyeza ndi tepi, kumuuza zoti adye, kumujombetsa kusukulu. Ndipo womuyang'anira amene akulipidwa ndi ajensi yomweyo sangakangane ndi wojambula amene akubweretsera ajensiyo ndalama. Ngati mtsikana alidi ndi nkhope ndi msinkhu zimene akufunazo, pa zaka 18 adzakhala nazobe, ali ndi MSCE m'manja, ndiponso ali ndi mphamvu yowerenga pepala ndi kusayina yekha.

Sindikunena kuti mwana asajambulidwe konse. Mwana kuvala yunifolomu ya sukulu kapena zovala za ana anzake potsatsa malonda, masana, kwa maola ochepa, mayi ake kapena azakhali ake ali m'chipinda momwemo, palibe cholakwika. Chimene ndikukana ndi kumupaka zodzoladzola, kumuveka gogoda ndi kumuimika ngati mzimayi wamkulu kuti agulitse diresi ya mzimayi wamkulu.

Achimwene ndi achemwali amene mumajambula zithunzi m'matauni mwathu muno, ambiri mwa inu ndinu anthu abwino ongofuna kudyetsa mabanja anu, ndipo luso lanu ndimalilemekeza. Kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mtsikana akabwera yekha kusitudiyo akufuna zithunzi zotumiza ku ajensi, mufunseni zaka. Akakhala mwana, muuzeni akabwere ndi kholo, ndipo khololo likhale pamene mukujambulirapo, osati panja pabenchi. Chitseko chikhale chotsegula. Posinthira zovala pakhale pobisika, kamera ndi foni zisafikepo. Zithunzi zake musaziike patsamba lanu kuti mukope makasitomala popanda chilolezo cha makolo, ndipo mwanayo mwini akanena kuti chithunzi ichi sindikuchifuna, chifufuteni akuona.

Makolo, ajensi yoona simuuza mwana kuti asauze akwawo, ndipo sipempha zithunzi za zovala zamkati usiku pa WhatsApp. Mukapeza uthenga wotere mufoni ya mwana wanu, musayambe ndi kumukalipira, chifukwa mawa adzakubisirani. Musaufufutenso uthengawo. Ujambuleni pamodzi ndi nambala ndi dzina la tsamba la wotumizayo, mupite nazo ku Victim Support Unit kupolisi yapafupi, kapena muimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana.