Faulo ya pa throw-in, mphindi ziwiri zomaliza

Ena amati oyimbira basketball amazemba malamulo osowa, koma ili la throw-in foul (faulo yochitika pamene mpira ukuyembekezeka kuponyedwa m'bwalo kuchokera kunja kwa mzere) ambiri sanalimvetse chabe. Kuyambira 2022, FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse, imati koloko ikamaonetsa 2:00 kapena kucheperapo mu kota yachinayi kapena mu nthawi yoonjezera, wotchinga akakoka wosewera wa timu inayo mpira usanachoke m'manja mwa woponya kunja kwa mzere, chilango ndi free throw imodzi, kutanthauza kuponyera mpira mu basket popanda wotchinga. Amaponya wolakwiridwayo, palibe ondanda olimbirana mpira, kenako timu yake imayambiranso pafupi ndi pamene panalakwikapo. Kale ma free throw anali awiri, chifukwa inkatengedwa ngati unsportsmanlike, faulo yosemphana ndi khalidwe la masewera. Vuto limabwera pamene woyimbira maso ali pa woponya, kuwerenga masekondi asanu amene woponyayo amapatsidwa kuti aponye mpira. Kukokana malaya chapakatipo ayenera kukuona oyimbira anzake awiri.