Galu mmodzi wosamva, malamulo a mayiko atatu

Tsiku limene ndinapeza thonje la m'sofa lili mbwee pabalaza ponse, galu wanga Namondwe anali ndi miyezi 7. Ndinali nditangochokapo maola 3 okha. Nsapato yakumanzere inali itasanduka chikopa chosadziwika mutu wake, waya wa kompyuta ataduka pawiri, mwendo wa tebulo ukuoneka ngati wadyedwa ndi chiswe. Mwini ntchitoyo anali tsonga pakati pa bwinja lakelo, mchira uli pukupuku, thonje lili kukamwa, akundiyang'ana ngati akudikira kuti ndimuthokoze.

Ndimakhala ku Konstanz, kummwera kwenikweni kwa Germany, m'mbali mwa nyanja ya Bodensee. Mzindawu ndi wogundana ndi Kreuzlingen wa ku Switzerland, moti ukamayenda ndi galu m'mphepete mwa madzi umatha kuwoloka malire usakudziwa, bola galuyo akhale ndi pasipoti yake, kachipangizo komuzindikiritsa ka pansi pa khungu ndi katemera wa chiwewe. Kumathero ena a nyanjayi kuli Bregenz, ku Austria. Anthu a mbali zitatuzi amalankhula Chijeremani, agalu awo amasewerera pa udzu umodzi, koma pa nkhani ya kagalu kojijirika dziko lililonse linalemba zake. Ndazidziwa chifukwa kwa chaka chathunthu ndinali munthu wodandaulira aliyense wogwira chingwe cha galu.

Sindibisa, maganizo anga oyamba anali a unyolo. Ndinkati ndikamachoka ndizimumanga kuseri, azikatafuna mphepo kumeneko. Ku Austria ganizo limenelo likanandigwetsa m'mlandu kalekale. Lamulo lawo loteteza zinyama, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2005, silipsatira mawu: galu asasungidwe pa unyolo kapena ali womangidwa, ngakhale kwa kanthawi. Kumumanga pakhomo pa sitolo kwa mphindi zochepa ndi nkhani ina, koma osati kumusunga motero. Germany inazengereza. Kwa zaka zambiri inkalola kumangirira galu ku chingwe choyenda pa waya wautali, mpaka pa 1 Januwale 2023 pomwe inaletsa kusunga galu womangidwa. Switzerland ikulolabe, koma mwa masamu monga mwa khalidwe lake: galu wapaunyolo akhale womasuka maola osachepera 5 masana, ndipo nthawi yotsalayo unyolowo uzimulola kuyendayenda pa malo osachepera masikweyamita 20. Pamenepa ndili kumbali ya Austria. Mphamvu za kagalu kamangidwa sizitha, zimangounjikana ngati madzi otsekeredwa, ndipo ukadzakamasula kamatulukira pomwepo ndi mkwiyo wowonjezera.

Pa zida zopweteka atatuwa anagwirizana, kungosiyana nthawi yofikira. Kolala yaminga ndi ija yomenya ndi magetsi ku Austria n'zoletsedwa kuyambira 2005 yomweyo, ngakhale kungokhala nazo m'nyumba. Ku Switzerland analetsanso kolala yothina pakhosi yopanda polekezera, komanso kumenya galu ndi chinthu cholimba. Ku Germany za magetsi zinathera kukhoti lalikulu la ku Leipzig mu 2006, pomwe yaminga inadikira mpaka 2022. Zonsezi n'zabwino. Koma ukalanda munthu ndodo, iye atatopa ndipo sofa yake yang'ambidwa, umuika chiyani m'manja? Apa ndiye pagona kusiyana kwenikweni.

Germany inayankha ndi maola. Mu 2020 nduna ya zaulimi ya nthawi imeneyo, Julia Klöckner, inabweretsa ganizo loti galu aliyense azitulutsidwa kawiri pa tsiku, nthawi yonse pamodzi ikwane ola limodzi. Anthu anaseka n'kumafunsa kuti ndani aziima pachipata ndi wotchi. Ola lija silinalowe m'lamulo. Chomwe chinatsala n'choti galu azituluka mokwanira malinga ndi mtundu wake, msinkhu wake ndi thanzi lake, ndiponso kuti kagalu kosakwana milungu 20 kazikhala ndi munthu wokasamalira maola osachepera 4 tsiku lililonse. Chiganizo chachiwirichi n'chanzeru kwambiri, koma anthu sachikamba. Chomwe chinakhazikika m'mitu yathu ndi ola lija, ndipo ine ndinalitenga n'kulichulukitsa. Ndinati ngati ola limodzi likwanira galu wamba, Namondwe akufunika atatu.

Safunsa anadya phula. Ndinagula mpira ndi kamtengo koponyera, n'kumamuthamangitsa m'mawa ndi madzulo mpaka lilime lili lende. Kwa masiku ochepa zinaoneka ngati zatheka. Kenako ndinazindikira kuti ndikuweta katswiri wa mpikisano. Mlungu uliwonse ankafuna kuthamanga kwambiri kuposa wapitawo kuti atope, ndipo tikafika kunyumba sankagona. Ankazungulira tebulo, kundigwira buluku ndi mano, kuuwa chitseko popanda wogogoda. Kuthamangitsa chinthu kumautsa thupi la galu ngati ali kosaka, mtima umagunda, magazi amawira, ndipo zimenezi sizizizira mpira ukangolowa m'thumba. Kagalu kotopa kopitirira kali ngati mwana amene wakana tulo tamasana: kamalusa m'malo mogona. Kuwonjezera apo mafupa a galu wa miyezi 7 amakhala asanakhwime, ndiye kulumpha ndi kuima mwadzidzidzi kambirimbiri sikumuchitira zabwino.

Amene anandiimitsa ndi mayi wina wachikulire wa ku Kreuzlingen, yemwe ankandiona m'mawa uliwonse ndikuponya mpira. Tsiku lina anandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, galu wanuyu amagona maola angati pa tsiku?" Ndinasowa choyankha. Sindinaganizepo kuti tulo ta galu timawerengedwa. Iwo anati funso limeneli analimva koyamba kusukulu ya agalu, komwe boma linawakakamiza kupita.

Nkhani ya sukuluyi ku Switzerland ndi yaitali ndipo inayamba ndi maliro. Mu Disembala 2005, ku Oberglatt pafupi ndi Zürich, agalu atatu a mtundu wa pitbull anapha kamnyamata ka zaka 6 kakupita kusukulu ya mkaka. Dziko lonse linagwedezeka. Pofika 2008 panali lamulo loti woweta galu koyamba aphunzire kaye m'kalasi asanatenge galu, ndipo aliyense wotenga galu watsopano apite naye kumaphunziro a pabwalo chaka chisanathe. Patatha zaka 8 anaunika, n'kupeza kuti palibe umboni wooneka bwino woti kulumidwa kwachepa chifukwa cha maphunzirowo, komanso kuti pafupifupi mmodzi mwa eni agalu 5 alionse sankapitako n'komwe. Nyumba ya malamulo inavota mu 2016, ndipo kuyambira 1 Januwale 2017 lamulo la dziko lonse linatha. Nkhani inabwerera ku zigawo 26 za dzikolo, chilichonse chizidzionera. Thurgau, chigawo chomwe muli Kreuzlingen, chili ndi lamulo lakelake loti upite ndi galu kumaphunziro m'chaka choyamba. Zigawo zina zilibe. Ukasamuka mtunda wa ola limodzi pagalimoto, udindo wako pa galu yemweyo umasintha.

Ine ndimaona kuti anayeza ndi muyeso umodzi wokha. Maphunzirowo anabadwa chifukwa cha mano a galu pa thupi la munthu, ndiye m'pomveka kuti anawerenga mabala. Koma phindu lake lalikulu lili pa zinthu zosalembedwa kupolisi, monga munthu amene anali pafupi kukasiya galu wake kosungira agalu osowa eni, n'kubweza maganizo atamva kuti misala ya msinkhu umenewu imatha. Mayi aja ndiwo umboni wanga. Zomwe anaphunzira zaka zapitazo zinawoloka malire n'kudzathandiza mlendo wa kutsidya.

Austria inatenga njira yomwe ndimaisirira kwambiri, makamaka mzinda wa Vienna. Kuyambira 1 Julaye 2019, munthu amene sanawetepo galu m'zaka ziwiri zapitazo ayenera kukhala pansi maola 4 kumvetsera za galu asanamutenge. Amapita yekha, chingwe chilibe kanthu, mtima usanakodwe ndi maso a kagalu. M'mera m'poyamba. Ndikanakhala m'kalasi yotere, wina akanandifunsa kuti ndimachoka panyumba maola angati, ndipo mwina akanandiuza kuti galu wokhala ndi magazi a agalu oweta nkhosa, monga Namondwe, analengedwa kuti azigwira ntchito ndi mutu tsiku lonse. Ku Germany nakonso chigawo cha Niedersachsen chili ndi zofananako kuyambira 2013, mayeso olemba usanatenge galu ndi a pabwalo m'chaka choyamba. Koma kuno ku Baden-Württemberg, pomwe ndinkatenga Namondwe palibe anandifunsa kalikonse, kupatula ofesi ya msonkho wa agalu, yomwe siiwala munthu.

Chofooka cha njira ya Vienna n'choti maola 4 amatha kagalu kasanabwere, pomwe mavuto enieni amadza pakati pa miyezi 6 ndi 18, galu akatha msinkhu. Nthawi imeneyo amakhala ngati waiwala dzina lake lomwe. Umamuitana, iye n'kukuyang'ana, n'kupitiriza ulendo wake. Apa njira ya Thurgau yopita naye pabwalo ndiyo imagwira, chifukwa mphunzitsi amaona ndi maso ake mmene mwini galu akulakwitsira. Nditapatsidwa mphamvu ndikanatenga kalasi ya Vienna, bwalo la Thurgau ndi maola 4 a Germany okhala ndi kagalu, n'kuzimanga mtolo umodzi.

Zomwe zinasintha Namondwe sizinalembedwe m'lamulo la dziko lililonse mwa atatuwa. Choyamba chinali tulo. Akatswiri ambiri amati kagalu kakang'ono kamafuna maola 18 kapena kuposerapo pa tsiku, ndipo ngakhale kakasinkhuka kamafunabe ochuluka kuposa mmene timaganizira. Wanga sankafika n'komwe pafupi. Ndinayamba kumupumitsa mwadala: tikabwera koyenda ndimatseka makatani, ndimakhala phee pampando, osamulankhula, osamuyang'ana. Masiku oyamba ankalira ndi kundikanda mwendo. Akangodzigwetsa pansi yekha, ndinkaika kachakudya pakati pa miyendo yake yakutsogolo mwakachetechete, osamuyamikira mokweza, chifukwa mawu achisangalalo ankamudzutsanso. Kudekha nakonso n'chinthu chophunzitsa, monga kukhala pansi kapena kubwera akaitanidwa. Ndinkaganiza kuti galu amangobadwa nako.

Mpira ndinaubisa. M'malo mwake ndinagula chingwe chachitali, n'kumamusiya anunkhize mtengo uliwonse mpaka atakhutira, ngakhale titayenda mamita 500 okha pa theka la ola. Chakudya chake cham'mawa ndinasiya kuika m'mbale, ndimachimwaza pa udzu kuti achifunefune ndi mphuno. Mphindi 15 za ntchito imeneyi zimamugonetsa kuposa ola lothamanga. Kutafuna sindinamuletse, chifukwa n'kosaletseka. Kagalu kamakhala ndi mano 28 a ubwana, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amakhala atalowedwa m'malo ndi 42 achikulire, koma chilakolako chotafuna chimapitirira, ndipo kutafunako kumakhazika galu mtima pansi. Ntchito yanga inali kusankha chomwe alowetse m'kamwa. Akatenga nsapato sindinkamuthamangitsa, poti kwa iye amenewo ndi masewera okoma kuposa onse. Ndinkangomusinthitsa ndi chake chotafuna, nsapato n'kukwera pamwamba pa kabati.

Pa intaneti mudzapeza malangizo ambiri, makamaka ochokera ku America, oti galu wowononga muzimutsekera m'kabokosi ka waya mukamapita kuntchito. Kuno samalani nazo. Lamulo la Germany limati khola la galu wamng'ono lisachepere masikweyamita 6, wamkulu kwambiri 10, ndipo la Austria limati 15. Kabokosi kawirikawiri sikafika ngakhale pa sikweyamita imodzi. Ine ndinaika kachipata pakhomo la kukhitchini, ndinachotsamo chilichonse chomwe ndingalire nacho, ndipo kabokosiko ndinakasiya kotsegula kuti kakhale pogona pake. Kukhala yekha ndinamuphunzitsa pang'onopang'ono: mphindi imodzi, kenako 5, kenako 20, ndikubwerera asanayambe kulira. Ndinamujambulanso ndi foni nditachoka kuti ndione ngati akuwononga chifukwa chosowa chochita kapena chifukwa cha mantha. Galu wamantha amalimbana ndi chitseko ndi mawindo, amachucha dovu, sakhudza chakudya, ndipo ameneyo ngwofunika dokotala wa ziweto. Wanga ankayamba wadya, kenako n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna ntchito.

Lamlungu lapitali tinawolokera ku Kreuzlingen, ndipo tinakumana ndi mayi aja atakhala pa benchi. Namondwe, yemwe tsopano ali ndi miyezi 19, ananunkhiza galu wawo, anazungulira kawiri, n'kugona pansi pa benchipo mutu uli pa nsapato yanga. Tinacheza mpaka dzuwa kupendeka, iye ali fooo. Pobwerera anaona bakha m'mphepete mwa madzi ndipo anandikoka mpaka ndinatsala pang'ono kugwera m'nyanja. Sofa yatsopano sindinagulebe. Ndaphimba bowo lija ndi bulangete, ndikudikira akwanitse zaka 2.