Chenjezo: zimene mwadula pa chithunzi mu PowerPoint sizinachoke

Aphunzitsi, ndi inunso ana anga amene mumakonza ma slide a m'kalasi, imani kaye mundimvere. Mphwayi zimene zafala pa kakonzedwe ka zithunzi mu PowerPoint ndi Google Slides zikundidetsa nkhawa, chifukwa opwetekeka ndi ana osalakwa.

Mphunzitsi amajambula pepala la mayeso kuti aonetse kalasi pamene ambiri amalakwitsa. Pamwamba pa pepalalo pali dzina la mwana ndi malikisi ake. Akalowetsa chithunzicho mu slide, amadina Crop, batani lodulira chithunzi, n'kudula mbali ya pamwambayo, mtima n'kukhala m'malo, kenako fayilo yonse n'kuiponya pa gulu la WhatsApp. Kodi aphunzitsi, mukudziwa kuti dzina lija likadali momwemo? Crop imangobisa, ngati kupinda m'mphepete mwa pepala. Aliyense wolandira fayiloyo akadina chithunzicho n'kudinanso Crop, mbali yodulidwa ija imaonekera. Mu Google Slides, batani la Reset image limabweza chithunzi chonse. Ndipo fayilo ya PowerPoint (pptx) imatheka kuitsegula ngati zip, phukusi la mafayilo ambiri, moti wodziwa akalowa mu foda ya media amapeza chithunzicho chili chathunthu.

Ena amangoika kabokosi kakuda pa dzina kapena pa nkhope ya mwana. Apa ndiye palibe chimene mwachita! Kabokosiko n'kapadera, sikanamatike ku chithunzi, ndipo mwana wamng'ono akhoza kungokakokera pambali. Taganizirani mwana amene sanakhoze bwino, mawa lake n'kupeza kalasi yonse ikudziwa malikisi ake. Ana amaseka mopanda chisoni, ndipo wosekedwayo amasiya kukweza mkono m'kalasi. Makolo anakupatsani mwanayo mokukhulupirirani. Manyazi amenewa mwamubweretsera ndinu.

Chondiwawa n'chakuti kukonza kwake sikuvuta konse. Mu PowerPoint dinani chithunzicho, pitani pa Picture Format, sankhani Compress Pictures, ndipo chongani pamene palembedwa Delete cropped areas of pictures. Ngati mukufuna kuti zithunzi zonse zikonzedwe pamodzi, chotsani chizindikiro pa Apply only to this picture. Pomwepo mukhoza kusankha 150 ppi (mlingo wa kuoneka bwino kwa chithunzi), yomwe imakwanira bwino pa pulojekita, ndipo fayilo imapepuka osadya data ya ana. Sungani chithunzi choyambirira pena, chifukwa mukatseka fayiloyo zochotsedwazo sizibwereranso. Koma njira yodalirika koposa ndi kudula chithunzicho pa pulogalamu ina, n'kuchisunga ngati chatsopano musanachilowetse mu slide. Ogwiritsa ntchito Google Slides, njira yanu ndi imeneyi.

Tsopano inu ana. Ndani anakuphunzitsani kukoka chithunzi cham'mbali kuti chidzaze slide? Kuyambira pa PowerPoint 2013, slide imabwera yotambalala pa muyeso wa 16:9 (kutambalala kwake poyerekeza ndi msinkhu wake), pamene zithunzi zambiri ndi za 4:3. Mukachikoka ndi kadontho ka pakati pa mbali, nkhope ya munthu imaphwatalala, mapu amapotoka, ndipo bwalo la masamu limasiya kukhala bwalo. Pamenepo mukuphunzitsa anzanu zabodza. Kokani pa ngodya, muyeso wake usasinthike. Malo akatsala m'mbali, alekeni atsale.

Lekaninso kutola tizithunzi ting'onoting'ono pa intaneti n'kumatikulitsa. Pa foni timaoneka bwino, koma pa khoma timangokhala mbuu, ndipo wokhala kumbuyo sawerenga n'komwe mayina a ziwalo za mtima amene mwawalozera. Fufuzani chachikulu, ndipo lembani m'munsi mwake komwe mwachitenga, pakuti chithunzi chilichonse chili ndi mwini wake.

Aphunzitsi amene munatumiza kale mafayilo okhala ndi mapepala kapena nkhope za ana, atseguleni lero lomwe. Dinani Crop pa chithunzi chilichonse muone zimene zabisala, ndipo mukapeza dzina la mwana, fufutani fayiloyo pa gulu n'kutumiza yokonzedwa.