Kiyibodi si C, F ndi G basi

Abale dzulo ndinapsa mtima pa maliro kwathu kuno ku Bembeke ndipo mpaka pano sunaphwe. Amayi a kwaya anayamba nyimbo yawo bwinobwino, nyimbo yoyambira pa la n'kukatheranso pa la, aliyense wa makutu akumva kuti iyi ndi minor, mtundu wa nyimbo womveka mwachisoni. Koma mnyamata wa pa kiyibodi ali kalikiliki ndi C, F, G yake yomweyo ngati tili pa chinkhoswe. Amayi akulowera uku iye akulowera uko, mpaka mayi woyambitsa uja anangosiyira panjira n'kumuyang'ana. Pa maliro, anamfedwa ali pompo!

Inu a makiyibodi phunzirani minor chonde. Kiyi ya A minor ndi mabatani oyera omwewo a kiyi ya C, kungoti pakhomo tsopano ndi pa A, pa la osati pa do. Makodi ake, manotsi oliza pamodzi, ndi Am, Dm ndi Em, m uja akuimira minor. Am ndi A C E, la do mi. Dm ndi D F A. Em ndi E G B, ndipo nyimbo ikamafuna kutera mukweze G uja akhale G#, amene a solfa amati se, mumve mmene E G# B amakukokerani kubwerera pa Am. Makodi atatu okha amenewa akukanika anthu oti akhala pa kiyibodi zaka ndi zaka?

Chimakunamizani n'choti C ndi Am amagawana manotsi awiri, C ndi E, ndiye mumaona ngati zikukwana. Sizikwana ayi. Dzanja lamanzere likakakamira pa C pomwe amayi atera pa la, mwaisandutsa nyimbo ina, chisoni chonse chija mwachichotsa. A major ndi A minor amasiyana chala chimodzi chapakati, C# kutsika kukhala C, koma chala chimenecho ndiye mwini nyimbo. Nyimbo ya minor imafuna makodi a minor, sungaikakamize.

Ndikudziwa ambiri munaphunzira pongoonera zala za mnzanu, koma safunsa anadya phula. Akuluakulu odziwa solfa alipo m'makwaya momwemu, mumawadutsa tsiku ndi tsiku.

Ndiye pali batani la transpose lija, lokweza ndi kutsitsa kiyi, lakulemazani zedi. Nyimbo iliyonse mukuisaka ndi batani anthu ali pakati poyimba, kiyi kukwera kutsika, ma sipika mwatsegula mpaka kumapeto moti mawu a amayi osamveka n'komwe. Ife tinabwera kudzalira, osati kudzamvera inu mukusaka kiyi.