Manambala a pa katoni ya telesikopu ndi ma binoculars otchipa akutinamiza

Anthuni, pali bodza lina lake lomwe lafala pa ma advert a pa intaneti komanso m'mashopu ena m'tauni muno, ndipo limandiwawa chifukwa amene limawagwira ndi anthu a mtima wabwino, kholo loti likufuna kugulira mwana kanthu kophunzirirapo, kapena munthu woti wakhala akusunga kandalama kuti tsiku lina adzaone mwezi bwinobwino ndi maso ake. Ndikunena ma binoculars ndi matelesikopu otchipa aja olembedwa manambala akuluakulu, 60x60, 80x80, 675x, pena mpaka "night vision", pena akuti imaona mtunda wa 10 km. Manambala ambiri amenewo ndi abodza, ndipo ochepa omwe masamu ake amatheka nawonso alibe ntchito ina iliyonse.

Ma binoculars ndi amene ambirife tinawagwirapo nde ndiyambe ndi amenewo. Pa binoculars yeniyeni pamakhala manambala awiri, tinene 10x50. 10 yo ndiye kuti chinthu chioneka chachikulu ka 10, mbalame yoti ili pa mamita 100 muiona ngati ili pa mamita 10. 50 yo ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Basi zathera pomwepo. Tsopano tengani ka binoculars kopinda kaja kolowa m'thumba la malaya kolembedwa 30x60, mubwereke rula ya mwana wasukulu muyeze galasi lakutsogolo. Mupeza kuti langopitirira pang'ono mamilimita 20, nanga galasi la mamilimita 60 lingakwane bwanji pa kanthu kochepa kuposa chikhatho? Za 30 zonso mutha kuyeza nokha. Yang'anani khoma la njerwa, diso limodzi mu galasi linalo likhale lotsegula panja, muwerenge kuti njerwa zing'onozing'ono zingati zikukwana mu njerwa imodzi yokuzidwayo. Kawirikawiri sizipitirira 8.

Koma olo zikanakhala zoona kuti ikukuza ka 60, simukanaikonda. Galasi likamakuza chinthu limakuzanso kunjenjemera kwa manja anu, ndi chifukwa chake oonera mbalame ku Liwonde kapena ku Nyika amanyamula 8x42 kapena 10x42 basi, chifukwa ukangodutsa 12 umafunika miyendo itatu ija yokhazikapo binoculars (tripod), kupanda kutero chithunzi chimangovina mpaka mutu kuwawa. Ndiye pali nkhani ya kuwala. Mukagawa nambala yachiwiri ndi yoyamba mumapeza kukula kwa kadontho ka kuwala kamene kamatulukira ku diso. 10x50 imatulutsa mamilimita 5, 7x50 ya anthu a pa sitima zapamadzi imatulutsa 7, zofanana ndi momwe mwanadiso wa wachinyamata amatsegukira mu mdima. 60x60 yeniyeni ikanatulutsa milimita imodzi yokha, madzulo mukanangoona chimdima. Kadontho kameneka kamaoneka mukagwira binoculars motalikitsa dzanja n'kuilozetsa kowala, ndipo mutha kukayeza ndi rula yomweyo.

Za mtunda zija nde zimandikwiyitsa kwambiri, chifukwa zimamveka ngati za nzeru. Akuti imaona mpaka mamita 10,000. Abale, diso lanu lopanda kalikonse limaona mwezi womwe uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000. Limaona phiri la Mulanje muli kutali kwambiri. Palibe galasi lomwe lili ndi malire a mtunda, funso ndi loti chinthucho chioneka bwino motani. Pa ma binoculars achilungamo pamalembedwadi nambala ya mamita koma ndi ya china, mwachitsanzo 114m/1000m, kutanthauza kuti pa mtunda wa mamita 1000 mukuona malo otambalala mamita 114. Opanga zafeki anangotengera kalembedwe kameneko n'kuikapo zawo, monga 1500m/9500m, zomwe sizitanthauza kanthu, bola nambala ikhale yaikulu wogula agome.

"Night vision" nayo ndi chimodzimodzi. Chida choona mu mdima chenicheni chimakhala ndi zamagetsi mkati, chimafuna batire, ndipo mtengo wake si wamasewera. Ngati mulibe batire ndiye kuti ndi magalasi wamba, sangapange kuwala komwe kulibe. Ndipo magalasi ofiira onyezimira aja omwe amaoneka ngati a asilikali, kufiirako ndi kuwala komwe kukubwerera panja m'malo molowa m'diso mwanu, nde chithunzi chimakhala chodera komanso chobiriwirako. Galasi lopakidwa bwino silinyezimira chonchija, ukaliyang'ana umangoona mkati.

Tsopano ku telesikopu, komwe ine mtima wanga uli. Katoni yalembedwa 525x kapena 675x, pambali pali chithunzi cha Saturn chachikulu chokongola ndi mitambo ya nyenyezi yofiira ndi yabuluu. Mukatsegula mupeza chubu chokhala ndi galasi la mamilimita 60, timagalasi takudiso tolembedwa H20, H12.5 ndi SR4, komanso kachubu kapulasitiki kolembedwa Barlow 3x, komwe kamachulukitsa kukuzako katatu. Nambala ija amaipeza chonchi: telesikopu ili ndi focal length (mtunda wochokera pa galasi lakutsogolo kufika pomwe kuwala kumasonkhana) ya mamilimita 700, mukagawa ndi 4 wa kagalasi ka SR4 kaja mupeza 175, kuchulukitsa ndi 3 wa Barlow ndi 525. Ikakhala ya 900 ndiye 675. Masamu ali bwinobwino ndipo apa ndi pomwe amabisala, mukawafunsa akuuzani kuti sananame. Koma aliyense wodziwa za magalasi akuuzani kuti telesikopu imatha kukuza mwaphindu mpaka pafupifupi kuwirikiza kawiri kukula kwa galasi lake m'mamilimita. Galasi la 60 malire ake ndi 120x, ndipo apo ndiye kuti galasilo ndi labwino komanso usikuwo kunja kuli bata. Kupitirira apo zili ngati kutenga chithunzi choti chatumizidwa pa WhatsApp kambirimbiri n'kumachikoka ndi zala, chimakula inde koma nkhope sioneka, mumangoona zimadontho.

Ndipo olo akatswiri okhala ndi matelesikopu akuluakulu masiku ambiri sapitirira 200x kapena 300x, chifukwa mpweya wa mumlengalenga umayendayenda n'kumagwedeza chithunzi. Kuwonjezera apo dziko likuzungulira, ndiye pa 500x chinthu chomwe mwavutikira kuchipeza chimatuluka m'galasi m'masekondi ochepa, mukati mukhudze chubu kuti muchitsatire timiyendo topyapyala tija timagwedezeka, chinthu chija chasowa, muyambirenso. Munthu wamkulu amatopa nazo, nanga mwana wa Standard 6?

Zithunzi za pa katoni zija sizinajambulidwe ndi chinthu chomwe chili mkatimo. Zithunzi za mtundu umenewo zimachokera ku zida ngati Hubble, telesikopu yomwe inatumizidwa mumlengalenga mu 1990 ndipo kalilole wake ndi wa mamita 2.4, kapena ku zombo ngati Voyager ndi Cassini zomwe zinakafika pafupi ndi Saturn penipeni. Mitundu yofiira ija imatuluka kamera ikatsegula nthawi yaitali kusonkhanitsa kuwala. Diso la munthu usiku silitha kuona mitundu bwino, olo mu telesikopu yodula mitambo imeneyo imaoneka yotuwa ngati kautsi. Kumuonetsa munthu chithunzi cha Hubble pa katoni ya galasi la mamilimita 60 ndi kumulonjeza chinthu chomwe ukudziwa kuti sadzachiona.

Chomwe chimandipweteka kwenikweni n'choti bodzali silikufunika n'komwe, chifukwa choonadi chake n'chokoma kale. Galileo, wasayansi wa ku Italy, mu January 1610 anaona miyezi inayi ya Jupiter ndi telesikopu yokuza pafupifupi ka 20 basi, magalasi ake osafika pa a masiku ano, ndipo zomwe anaonazo zinasintha momwe anthu ankaganizira za dziko ndi dzuwa. Mphete ya Saturn imayamba kuoneka pa 30x mpaka 50x, kakang'ono inde koma koonekeratu kuti ndi mphete, ndipo munthu akakaona koyamba amakuwa ndithu. Maenje a pa mwezi pa 35x, yomwe ndi H20 ija pa chubu cha 700, amaoneka bwino zedi makamaka mwezi ukakhala theka. Galasi la mamilimita 50 la binoculars wamba limasonkhanitsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 50 kuposa diso lanu, nde mukailozetsa pa Nsangwe pomwe maso amawerenga nyenyezi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri muona zambirimbiri, mukatsata Mlalang'amba ndiye musanene. Mukaitsamiritsa pa mpanda kuti isagwedezeke timiyezi ta Jupiter tija timaoneka ngati timadontho tondondozana.

Ife kuno tili ndi mwayi womwe anthu a ku London alibe. Omega Centauri, chimulu cha nyenyezi mamiliyoni, kwa iwo sichituluka n'komwe, kwathu kuno chimakwera pamwamba madzulo a May ndi June. Mitambo iwiri ya Magellan, yomwe ndi magulu akuluakulu a nyenyezi ooneka ngati timitambo, imaoneka ndi maso kumwera. Kumudzi kulibe magetsi ambiri ophimba thambo, ndipo miyezi yozizira ija utsi wa moto wa tchire ndi fumbi la October zisanayambe kumwamba kumakhala mbee. Nde tangoganizani mwana wokhala pansi pa thambo lotere, bambo ake amugulira telesikopu ndi ndalama yovutikira, iye waika SR4 ndi Barlow poti katoni yanena kuti mphamvu ili pamenepo, wayang'ana waona chimdima chokhachokha. Ayesa masiku angapo kenako aganiza kuti vuto ndi iyeyo, kuti zimenezi ndi za azungu kapena za anthu anzeru kwambiri, chubu chija chipita pamwamba pa wadiropu. Ndalama imapezekanso, koma chidwi cha mwana chikazima sichibwerera wamba, ndipo zimenezi ndi zomwe sindingawakhululukire olemba manambalawa.

Ndikudziwa kuti ambiri ogulitsa kuno sanalembe okha manambalawo, amangooda katundu kunja, kujambula katoni n'kuponya pa Facebook kapena pa status momwe zabwerera. Sindikuti ndi akuba. Koma ukamagulitsa chinthu udindo ndi wako, rula ndi yotchipa, yezani galasi musanalembe mtengo. Ka 30x60 kaja mukanena kuti ndi 8x21 koonera mpira ku stadium kapena mbalame masana, anthu agulabe ndipo sadzabwera kudzakudandaulirani. Malamulo a dziko lino amaletsa kutsatsa malonda monamiza, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula, nde wogula amene wauzidwa kuti galasi ndi la 60 pomwe rula ikuti 21 ali ndi poyambira.

Amene muli nayo kale telesikopu yotereyi musaitaye ayi. Chotsani Barlow muisunge kutali, SR4 nayo isiyeni, gwiritsani ntchito kagalasi kokhala ndi nambala yaikulu, H20 ija, poti ndi kamene kamakuza pang'ono n'kuonetsa zowala. Mangani zomangira za miyendo zilimbe, mupachike kathumba ka mchenga pakati kuti isamagwedezeke, muyambe ndi mwezi. Amene simunagule, ngati ndalama ndi yochepa ine ndinganene kuti 8x40 kapena 10x50 yachilungamo ikupatsani zambiri kuposa telesikopu ya 675x, ndipo pogula muyang'anemo kaye, ngati zinthu zikuoneka ziwiriziwiri kapena maso akukoka, magalasi ake sanalunjike, isiyeni.

Chimodzi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse. M'makatoni ena mumapezeka kagalasi kakuda kolembedwa SUN komangirira kumbuyo kwa kagalasi kakudiso, akuti koonera dzuwa. Pamalo amenewo ndi pomwe kutentha konse kwa dzuwa kumasonkhana, kagalasiko kamatha kusweka mwadzidzidzi diso lili pomwepo, ndipo diso likapsa ndi dzuwa kuchipatala sangalibwezeretse. Mukakapeza kaphwanyeni mukataye lero lomwe, ndipo ana muwauze momveka bwino kuti telesikopu kapena binoculars sitilozetsa ku dzuwa olo kamphindi.